Tirikolo ya a Nhlane

Pa Mzimba Boma pali anthu odziwa zinthu, ndiye palinso a Louis Nhlane. Iwowa anakhala kuseminale ali mnyamata, ndipo ngakhale sanafike paunsembe, anatulukako ndi Chilatini chokwanira kusautsa boma lonse. Kenaka anakagwira ntchito kwa ansembe a ku Italy uko ku Mozambique, n'kubwerako ndi Chipwitikizi, Chitaliyana ndi chipewa chimene chilipo mpaka lero. Chifalansa anangochitola m'njira. Akamagula tomato kumsika amayamba awauza amayi ogulitsawo kuti ku Roma chinthu chimenechi amachitcha apozi wagolide. Amayiwo amangoti, "Yewo, dada. Mulu ndi womwewo."

Chinthu chimodzi chokha chinakana kumva Chilatini: bondo lawo lakumanzere. Chigwereni pa kabaza chaka china mvula itanyowetsa msewu, a Nhlane anasiya kukwera chilichonse cha mateyala awiri. Ankati ndi mfundo chabe, osati mantha. Kutchalitchi ankapita wapansi ndi ndodo, akupuma pamtengo uliwonse ngati akuuyendera, ndipo ankafika Gloria atayimbidwa kale. Izi zinkawawawa, poti m'parishi monsemo ndi iwo okha amene ankadziwa tanthauzo la liwu lililonse m'nyimboyo.

Mwana wawo wamkazi, Immaculate, amene kunyumba amangomuti Ima, anapeza mwamuna. Dzina lake Mthokozi Zimba, wa ku Champhira, wowotcherera zitsulo kuseri kwa msika. Mnyamata wofatsa, wa manja okhala ndi zipsera za moto, amene akaona chitseko chopendama m'nyumba ya eni amasowa mtendere mpaka atachikonza. A Nhlane sanam'peze chifukwa, ngakhale anafufuza ndithu.

Vuto linali thenga. Amene anatumidwa kudzalankhula za malowolo anali a Chester Zimba, bambo ake aang'ono a Mthokozi, amene anakhala ku Joni zaka zambiri. Ulemu wawo wonse unagona pa chinthu chimodzi: chibadwire sanafunsepo munthu tanthauzo la liwu la Chingerezi. Ku Jenda anthu akukumbukirabe tsiku limene a Chester ananyamuka pa malowolo ena, ng'ombe ndi zonse, chifukwa mphunzitsi wina wa kuchikazi anawakonza liwu limodzi pagulu. Ana awiriwo sanakwatiranenso. Mtsikanayo pano ali ku Mzuzu ndi mwamuna wina.

Zokambirana zinachitikira kumudzi kwa a Nhlane, ku Edingeni, pakhomo pa akulu awo. Analankhula Chichewa, poti a Zimba ndi a kumalire ndi Kasungu ndipo Chitumbuka chawo chimaseketsa ana. Nkhani ya ng'ombe inayenda bwino mododometsa. Akuluakulu anali atayamba kale kutambasula miyendo pamene a Nhlane, amene mwamwambo anayenera kungokhala chete, anakhosomola.

"Zonse tagwirizana," anatero. "Koma ine mwini mwana ndili ndi pempho limodzi lapamwamba. Tsiku lobweretsa ng'ombe, pakhalenso tricolor."

Analitchula mwa kuseminale, *tirikolo*, n'kudikira funso. Yankho lake anali atalikonza sabata yonse, ndipo linali lotalika ngati ulaliki wa pa Pasaka.

"Tamva," anatero a Chester.

"Mwamva?"

"Chomene. Ku Joni n'zosayamba zimenezo, asebele. Zimangoyenda m'misewu."

A Nhlane anadabwa, koma ku Joni sanafikeko, ndipo sakanalola kuti zimenezi zidziwike pamaso pa a Zimba. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene anaziwerenga kale.

"Mukufuna yaikulu kapena yaing'ono?" anafunsa a Chester.

"Yoti izibereka."

"Idzabereka mpaka mudzatope nokha."

Anagwirana chanza. Aliyense anapita kwawo akuyamikira mumtima kuti wakumana ndi munthu wophunzira pang'ono.

Chimene a Nhlane ankafuna chinali ng'ombe. M'khola la bambo awo, iwo ali mwana, munali thadzi limodzi la mitundu itatu: miyendo yakuda, nthiti zofiira, chipumi choyera. Edingeni yense ankalidziwa. Chaka chimene Louis anasankhidwa kupita kuseminale, bambo ake analigulitsa kuti am'gulire thiranki, bulangete ndi nsapato. Tsiku lina m'kalasi wansembe wa ku France anatulutsa kambendera ka kwawo m'thumba, n'kulemba pabolodi kuti *tricolor*, cha mitundu itatu. Anzake onse anaona mbendera. Louis anaona ng'ombe ija, mpaka fungo la khola linam'fika m'mphuno. Unsembe sunatheke, thiranki inachita dzimbiri, nsapato zinatha. Pa ng'ombe yonse ija chinatsala ndi liwu limodzi basi, ndipo a Nhlane ankaona kuti nthawi yakwana yoti liwulo libwerere kukhola ndi miyendo yake inayi.

Nkhaniyi akazi awo, Angelina, amene onse amawatcha NyaShaba, ankaidziwa ngati Atate Athu. Immaculate naye anakula nayo. Koma onsewa sanali pabwalo paja, poti malowolo si nkhani ya amayi ndi ana.

A Chester anam'fotokozera Mthokozi ali m'minibasi yobwerera ku Boma.

"Apongozi ako akufuna thirayisiko."

"Njinga ya mateyala atatu?"

"Eya. Iwo akuti tirikolo, n'Chizungu cha m'mabuku akale. Sindinafune kuwakonza pagulu, ndi munthu wamkulu. Akuti izibereka, ndiye kumbuyoko uike bokosi lamphamvu."

Mthokozi anakumbukira bondo lija. Anali atawaonapo a Nhlane Lamulungu m'mawa, atatsamira mtengo wa m'mbali mwa msewu, akunamizira kuwerenga chikwangwani. Tsono munthu wonyada chotere wapempha chinthu cha bondo lake, ndipo wachipempha kwa mkamwini wowotcherera zitsulo. Mthokozi anaona kuti wapatsidwa ulemu umene sanaupemphe.

Anaipanga yekha. Anagula felemu ya njinga yakale yolimba, ya zitsulo zimene masiku ano sizipezekanso, n'kuidula kumbuyo. Ekiselo anaisula kuchokera ku ya wilibala yaikulu. Chishalo anachitsitsa kuti bondo lisamapindike kwambiri, giya anaifewetsa kuti ngakhale pachitunda cha kutchalitchi munthu azingopalasa ngati akuyenda. Magetsi akazima ankakhala pansi n'kumamanga masipoko, akayaka n'kuthamangira kowotcherera. Anyamata a kabaza obwera kudzamatitsa matchubu ankafuna kuikwera, iye n'kuwakaniza. Uko ku Champhira a Chester anali atalengeza kale m'magolosale monse kuti banja la Zimba likupereka chinthu chimene Edingeni sanachionepo pa malowolo.

Sabata ya mwambo itafika, Mthokozi anaitana Immaculate kushedi kwake n'kuvundukula lona.

"Ndi ya adada ako. Tirikolo ija."

Immaculate anaseka mpaka anagwira khoma. Kenaka kuseka kunatha kokha, ngati wailesi yothera mabatire.

"Mthoko, tricolor ndi ng'ombe."

"Ng'ombe bwanji?"

"Ng'ombe ya mitundu itatu. Ya agogo ija, ndinakuuzapo iwe."

"Unandiuza za ng'ombe. Sunandiuze kuti ili ndi dzina la njinga."

Anakhala pansi onse awiri, wina pa chitini cha girisi, wina pa teyala. Ng'ombe ya mitundu itatu si chinthu chopita kukagula ngati sopo. Munthu ukhoza kuzungulira makola kuchokera ku Embangweni mpaka ku Euthini osaipeza, ndipo ukaipeza mwini wake amakana. Kuwauza a Chester kuti anamva molakwa kunali kuitana za ku Jenda zija. Kuwasiya a Nhlane kuti akaone okha pagulu kunalinso chimodzimodzi, poti munthu amene amakonza ngakhale ansembe paguwa sangalekerere njinga kutchedwa ng'ombe.

"Ndiye basi, ukwati watha chifukwa cha Chilatini," anatero Mthokozi.

"Dikira kaye. Ndikawauze amama."

NyaShaba anamva nkhani yonse akusita malaya a amuna awo. Sanaseke. Anakhala ndi a Nhlane zaka zoposa makumi atatu, ndipo zoseketsa za mtundu umenewu anasiya kalekale kuziseka, amangozikonza.

"Pabwalo paja adada ako anatchula ng'ombe?"

"Akuti anangoti tricolor."

"Ndinadziwa. Akanatchula ng'ombe anthu akanamva, ndiye iwo akanapindula chiyani?" Anazimitsa simbi. "Tiye."

Kushedi kuja NyaShaba sanalowe. Mpongozi salowa m'malo a mkamwini, ndiponso sayang'anizana naye. Anaima pakhomo atafulatira, maso ali kumsewu, n'kumalankhula ndi mwana wawo mokweza.

"Ima, um'funse munthuyo ngati ali ndi penti."

"Ndili ndi wakuda, amayi," anayankha Mthokozi ali m'kati, atagwada kuseri kwa njinga.

"Ima, umuuze kuti sindikulankhula ndi iye. Umuuzenso kuti akagule wofiira, osati wofiira wa magazi, wofiira wa dothi la kuchulu. Ndi woyera. Mateyala, madigadi ndi mafoloko, zonse zakumunsi, zikhale zakuda. Bokosilo lofiira mbali zonse. Kutsogolo, pamwamba pa nyali, awotchererepo kachitsulo kokhala ngati chikhatho, akapake koyera."

"Koyera konse, amayi?"

"Ima, umuuze kuti kumanzere kwake kakhale ndi kadontho kakuda. Sindinaionepo ng'ombeyo, koma kadonthoko ndakamva kokwanira."

M'mawa wa tsiku la mwambo, ali ku Edingeni, a Nhlane ankamanga tayi pagalasi la akulu awo pamene NyaShaba, powaitana m'Chitumbuka kuti bambo a Ima, anafunsa ngati munthu wongodutsa:

"Awiske Ima, kodi tricolor uja ndi dzina kapena mfotokozi?"

A Nhlane anatembenuka pang'onopang'ono. Chikwatiranireni, mayiyu anali asanawafunsepo funso la galamala. Maso awo anachita ngati alengeza misozi.

"Mfotokozi, NyaShaba! Mfotokozi weniweni. Payekha saima, amatsamira dzina. Mbendera ikhoza kukhala tricolor. Duwa. Mphaka, ndipo mphaka wotero kawirikawiri amakhala wamkazi, ukafufuze. Ng'ombe."

"Chilichonse?"

"Chilichonse cha mitundu itatu."

"Oho," anatero NyaShaba. "Tayi wapendama."

A Zimba anafika dzuwa litakwera. Ng'ombe zinalowa m'khola, akuluakulu anaziyendera, kuziyang'ana mano ndi ziboda, n'kuvomereza. A Nhlane anaima pamphanda ya khola akusuzumira. Panali yakuda, panali yofiira, panali ina yamawanga akuda ndi oyera imene anaiyang'ana nthawi yaitali kufuna mtundu wachitatu, mpaka anaizungulira. Sanaupeze.

"Asebele," anatero, mawu ali ozizira, "pempho langa lija?"

A Chester anali akudikira funso limeneli chichokereni ku Champhira. Anakodola anyamata, ndipo anatsitsa pa ngolo chinthu chokutidwa ndi lona n'kuchiika pakati pa bwalo. A Chester anakonza jekete lawo la chikopa la ku Joni, anagwira nsonga ya lona, n'kukoka.

"Tirikolo yanu, asebele. Kumene tinali ife timati thirayisiko, koma sitikukonzani ayi. Aliyense ndi sukulu yake."

Akulu awo a a Nhlane, amene ng'ombe ija anaidyetsapo ali ana ndipo ankadziwa bwino chimene mng'ono wawo ankatanthauza, anayang'ana pansi n'kunong'ona funso m'Chitumbuka, "Nchivichi ichi?" Kukhonde, pakati pa amayi, Immaculate anali atagwira dzanja la mayi ake. Mthokozi, amene mwamwambo sanayenere kuoneka, ankaonekera ndithu kuseri kwa nkhokwe.

M'kamwa mwa a Nhlane munali mutafika kale chiganizo. Chinali chiganizo chokongola, mwina chokongola kuposa zonse zimene anakonzerapo munthu: chinali ndi Chilatini, chinali ndi Chigiriki, ndipo chikanawasiya a Chester opanda jekete. Mwayi wotere umabwera kamodzi pa moyo wa munthu wophunzira. Anatsegula pakamwa.

Ndiye anaona kachitsulo koyera kaja, ndi kadontho kakuda kumanzere kwake.

Anatseka pakamwa. Anayandikira ndi ndodo yawo. Anayang'ana mateyala akuda, anasisita bokosi lofiira ngati dothi la kuchulu, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, mmene munthu amasisitira nthiti za chiweto. Anaona chishalo chotsitsidwa, n'kuyang'ana bondo lawo. Anatembenukira kukhonde. NyaShaba anali kuyang'ana kumwamba ngati akuyesa ngati kugwe mvula. Immaculate sankayang'ana kwina kulikonse koma kwa bambo ake.

A Nhlane anakhosomola, ndipo amene amawadziwa anafunafuna pokhala.

"Abale ndi alendo," anayamba. "Liwu limene ndinapempha lija ndi la Aroma. *Tri*, zitatu. *Color*, mtundu. Afalansa analitenga n'kuliika kamchira, amati *tricolore*, ndipo akatero amanena mbendera yawo, ngati kuti mitundu itatu anaiyamba ndi iwo. Ataliyana amalemba chimodzimodzi koma amalitchula mpaka kumapeto, poti Mtaliyana sataya chilembo. Apwitikizi ndi Asipanishi analisiya mmene analipezera, anthu aulemu. Angerezi anabwera mochedwa, monga mwa masiku onse, n'kulowetsamo *u* amene sagwira ntchito iliyonse, ngati mlonda wa nyumba yopanda katundu."

A Chester anagwedeza mutu mwamphamvu, kusonyeza kuti *u* ameneyo anakumana naye ku Joni.

"Tsono liwuli ndi mfotokozi. Mayi a kunyumba kwanga akhoza kuchitira umboni. Silinena kuti chinthucho n'chiyani, limangonena kuti chili ndi mitundu itatu. Mbendera imene ili pa ofesi ya boma ija ndi tricolor. Ine pabwalo pano ndinapereka mfotokozi, dzina ndinawasiyira a Zimba kuti asankhe okha. Ndinachita dala." Apa akulu awo anakhosomola, koma a Nhlane sanawayang'ane. "Tiwerenge. Chakuda. Chofiira. Choyera. Ndani pano anganene kuti ichi si tricolor?"

Palibe ananena.

"Komanso liwu la asebele angali, thirayisiko, si lachilendo. Ndi msuweni wake. Mutu ndi womwewo, *tri*, kungoti thupi ndi la Chigiriki, lonena mateyala. Ndiye onani zimene achita anthu a ku Champhira. Ine ndinapempha *tri* mmodzi. Iwo andibweretsera awiri."

Nthungululu inayambira kwa NyaShaba, zimene anthu akuti sizinachitikepo. A Chester anaimirira n'kugwira dzanja la a Nhlane ndi manja onse awiri.

"Ndinadziwa kuti mudzazindikira, asebele. Ena akanangoona njinga."

"Ena sanapite kuseminale," anatero a Nhlane.

"Kapena ku Joni."

"Kapena ku Joni," anavomera a Nhlane, ndipo amene anali pafupi akuti liwu limeneli linatuluka movutikira kuposa Chigiriki chonse chija.

Kenaka anaitanitsa mkamwini, mwambo kapena ayi. Mthokozi anabwera n'kunjuta patali, maso pansi.

"Kadontho aka anakuuza ndani?"

"Palibe amene analankhula nane, adada."

"Hmm," anatero a Nhlane. Anayang'ananso kukhonde. "Kali m'munsi pang'ono. Kanayenera kukhala pafupi ndi nyanga. Koma ukasiye."

Ukwati unachitika mwezi wotsatira, ndipo a Chester analankhula Chingerezi chimene palibe anachikonza.

Masiku ano Lamulungu m'mawa, ukaima pamsewu wopita kutchalitchi pa Boma, umamva belu lisanaoneke chilichonse. Kenaka pamatulukira kachipumi koyera, ndi a Nhlane pambuyo pake, chipewa cha ku Mozambique chili pamutu, msana uli chilili, akupalasa mosafulumira ngati munthu amene akuchitira chifundo msewu. Anyamata a kabaza amawapatsa njira n'kukuwa, "A Tirikolo, monire!" Iwo amaima kuwakonza katchulidwe, koma mwachidule, poti tsopano amafika Gloria asanayambe ndipo safuna kuphonya. Munthu akaitcha njinga samuyankha. Loweruka amaitsuka okha, kuyambira kuchipumi.

M'bokosi lofiira lija mumakhala NyaShaba, pa khushoni, atagwira mabuku a nyimbo ndi ambulera. Tsiku loyamba, ali pakati pa chitunda, a Nhlane akupuma mwamphamvu koma osafuna kuti zimveke, mayiwo anawagogoda pamsana ndi ambulera ija.

"Awiske Ima."

"N'chiyani?"

"Paja munati izibereka. Mwaona?"

A Nhlane anangoliza belu, ngakhale kutsogolo kunalibe munthu.